Kochi Yemwe Sanatukwanidwepo

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anawaiwala kunali ufumu wa Tinazolowera, ndipo anthu a kumeneko ankakonda mpira wamiyendo kuposa mmene ankakondera azilamu awo. Koleji iliyonse inali ndi timu yake, ndipo chaka ndi chaka pankapezeka katswiri wa makoleji onse wonyamula Chikho cha Mfumu. Chodabwitsa kwa mlendo chinali chakuti katswiriyo sankapezeka pabwalo la mpira. Ankapezeka kunyumba yachifumu, ku likulu la Mtsamiro, komwe akuluakulu a Bwalo la Otsinzina ankakhala pansi, n'kutsinzina, n'kufunsa mitima yawo kuti timu yabwino ndi iti. Makolo awo anaona kalekale kuti maso amanyenga: munthu ukaonera mpira umayamba kukondera amene akusewera bwino. Choncho wa m'bwalolo aliyense ankaletsedwa kuonera masewero, kuopa kuti chiweruzo chingadetsedwe.

Mitima ya akuluakuluwo inali yokhulupirika zedi. Chaka chilichonse inkatchula dzina limodzimodzi, Koleji ya Mthunzi, komwe kunkaphunzira ana a nduna ndi adzukulu a Otsinzina eni ake. Ndipo poti si bwino kuti katswiri achititsidwe manyazi ndi anthu wamba, panali lamulo lakuti timu yosunga chikho isasewere ndi wina aliyense. Matimu ena ankathyolana miyendo m'fumbi chaka chonse, a Mthunzi akupuma. Umu ndi mmene anakhalira zaka makumi awiri osagonjapo.

Kochi wa timu yosagonjayi anali Gelevazio Chikakuda. Pa unyamata wake Gelevazio ankasewera kutsogolo chakumanja kwawo ku Fumbi, ndipo akamenya kona mpira unkapinda ngati chikwakwa. Tsiku lina nduna ina inamuona atavala suti paukwati, n'kunena kuti munthu wa mapewa otere ayenera kuima pafupi ndi chikho. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali kuphunzitsa anyamata kanyamulidwe ka chikho osachigwetsa, kamwetulidwe ka pachithunzi, ndi kakwezedwe ka dzanja popereka moni ku khamu. Pabwalo la Mthunzi anadzalapo maluwa kuti malo asangokhala. Mpira wa timuyo unali m'kabokosi kagalasi mu ofesi ya kochi, ndipo m'mawa uliwonse ankapukuta galasilo. Anam'patsa nyumba paphiri, galimoto, ndi dzina lakuti Kochi wa Makochi. Mimba inatuluka, tsitsi linachoka, koma mumtima mwake munali kanthu kokanda kosafuna kugona.

Kanthuko kankakula akapita kumsika wa Tamvani. Kumeneko kunali Mayi Esinati, wogulitsa tomato ndi anyezi, amene ankadziwa mpira kuposa woimbira aliyense, ndipo panalibe kochi wina mu ufumu wonse amene anadutsapo pabenchi lawo osatukwanidwa. Loweruka lina Gelevazio anawapeza atagwira malaya a Pitala Kachere, kochi wa Koleji ya Zaulimi ya Fumbi, mnzake amene anakulira naye limodzi.

"Iwe Pitala, m'mutu mwakomo muli ubongo kapena phala? Wawina zisanu kwa chimodzi, inde, koma chimodzicho chinalowa bwanji? Mnyamata wakumbuyo uja akuthamanga ngati wasenza thumba la chimanga, iwe uli phee! Ukanakhala mwamuna wanga ukanagona ndi njala."

"Mayi, mnyamatayo anali ndi chimfine," anadziteteza Pitala, koma nkhope ikuwala ngati munthu amene akum'yamikira.

"Chimfine chimagwira mphuno, osati miyendo!"

Msika wonse unafa nacho chiseko. Kenako Mayi Esinati anaona Gelevazio. Anasiya malaya a Pitala, n'kupukuta manja pachitenje, n'kupinda bondo pang'ono. "Mwaswera bwanji, bwana Kochi wa Makochi? Tomato wakupsa bwino ndi uyu apa."

Gelevazio anachita nsanje yoopsa, nsanje ya munthu wokhuta amene akusirira njala ya mnzake. "Mayi," anafunsa motsitsa mawu, "zaka zonsezi, bwanji ine simunanditukwanepo?"

"Tikutukwaneni chiyani, bwana? Munalakwa liti? Ife timatukwana makochi. Inu ndinu chithunzi cha pakhoma, ndipo chithunzi timangochipukuta basi."

Sananene mwachipongwe ayi, ndipo n'chimene chinam'pweteka kwambiri. Anagula tomato amene sanamufune n'kukwera phiri. Kunyumba anapeza mkazi wake Nangozo ali ndi uthenga wochokera kunyumba yachifumu: chaka chikatha adzapuma pantchito, ndipo pachipata cha koleji adzaimikapo fano lake lamkuwa litanyamula chikho. Wosema anali kubwera kudzam'yeza mphuno.

"Ndiye kuti ndidzapuma ndisanayambe," anatero Gelevazio. "Ndidzafa ndisanatsogolerepo timu ngakhale pamasewero amodzi."

Nangozo anam'yang'ana m'maso, pakuti ankaidziwa nkhope imeneyo. "Bambo a Mwatitha, chilichonse chimene chikuyendayenda m'mutu mwanumo, mukumbukire kuti nyumba ino ili ndi madzi a m'paipi."

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku la kutsinzina litafika, bwalo lachifumu linadzaza. Mfumu Sindigonja Wachitatu inali pampando wake, ndipo ngakhale sinali ya Bwalo la Otsinzina, inkatsinzina nawo mongodzipereka. Nduna ya Zamasewero ndi Zokuwa, Wolemekezeka Chinenanena, inalankhula mpaka mthunzi wa chipilala unasuntha, ikuthokoza mfumu chifukwa cholola kuti mpira ukhalebe wozungulira chaka chinanso. Akuluakulu atangoyamba kugwetsa zikope, Gelevazio anaimirira.

"Mfumu yanga, ndi inu akuluakulu, ndili ndi kapempho. Chaka chino tisankhe matimu anayi abwino kuti asewere mwachipulula. Awiriawiri akumane, opambana akumanenso, ndipo amene watsala yekha atenge chikho."

Mkulu wina wa Otsinzina anatsekula diso limodzi, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya ufumu, ndipo anzake anachita kum'kupiza mphepo.

"Mwamva?" inakuwa nduna. "Akuti katswiri azidziwika ndi zigoli! Kodi chigoli chinaphunzira sukulu yanji? Chimadziwa mbiri ya banja la munthu? Mpira ulibe mwambo, akuluakulu. Ungathe kulowa m'golo la mwana wa nduna osaodira. Ndipo lero tikalola kuti chikho chitengedwe ndi wosewera bwino, mawa anthu a kumsika adzati nduna ya misewu ikhale munthu womanga misewu. Tithera kuti?"

Nduna ya misewu inapempha madzi akumwa. Phokosolo ndi limene linadzutsa mfumu, ndipo itafotokozeredwa nkhani inafunsa funso limodzi lokha: "Masewerowo akhala angati?"

"Atatu, mfumu," anayankha Gelevazio.

"Ndipo ponse patatu ine ndidzalowa ndi ng'oma ndi malipenga, anthu n'kuimirira?"

"Ponse patatu, mfumu."

"Ganizo limeneli ndakhala nalo kwa nthawi yaitali," inatero mfumu. "Ndimadikira kuti ndione amene adzalizindikire."

Wolemekezeka Chinenanena anali woyamba kuomba m'manja, ndipo anagwetsa misozi poyamikira nzeru za mfumu. Koma potuluka anam'gwira Gelevazio pachigongono n'kum'nong'oneza kuti: "Mwauponda, bambo. Mthunzi ikakagonja, nyumba ya paphiri ija, fano lija, ndi dzina lija, zonse mudzazionera patali." Gelevazio anavomera ndi mutu. Mantha anali nawo ndithu, koma kanthu kokanda kaja kanali katasiya kukanda.

Lamulo linalengezedwa kumsika wa Tamvani. Matimu anayi anali atasankhidwa ndi Otsinzina omwewo, pakuti ntchito yotere sungaisiyire maso. Yoyamba inali Mthunzi. Yachiwiri inali Mthunzi Yaing'ono, timu ya azing'ono awo a osewera a Mthunzi, imene inabadwa m'mawa womwewo. Yachitatu inali Fumbi, imene sinagonjepo chaka chimenecho ndipo anaiikamo poopa miyala. Yachinayi inali Koleji ya Makedzana, imene inatsekedwa kalekale denga litagwa, ndipo tsopano munkagona mbuzi. Koma mitima ya akuluakulu inkakumbukira kuti inkasewera mpira waulemu kwambiri.

"Mbuzizo zili ndi kochi?" anafunsa Mayi Esinati. "Andiuze msanga, ndikonzeretu mawu."

"Musazinyoze, mayi," anatero wogulitsa makala. "Mu ufumu uno ndi zokhazo zimene zimadya zosabera munthu."

"Iwe ulibe dimba," anayankha mayiwo.

Gelevazio sanataye nthawi. Anazula maluwa pabwalo ndi manja ake. Kiyi wa kabokosi kagalasi anali atatayika kalekale, ndiye anakaswa ndi nsapato. Ataugwetsa mpira pansi, mpirawo n'kudumpha, anyamata ake anabwerera m'mbuyo, ndipo mmodzi anafunsa mwaulemu kuti ukapita kutali aziutola ndani. Anali anyamata abwino, onenepa bwino, odziwa kumwetulira, ndipo anali asanathamangirepo kanthu chibadwire. Kochiyo anazindikira msanga kuti zonse sangawaphunzitse, ndiye anasankha chinthu chimodzi chimene miyendo yake inkakumbukirabe: kona. Anaphunzitsa mnyamata mmodzi kupinditsa mpira, ndipo Felekisi, mwana wa nduna ya misewu, wamtali ngati mlongoti ndiponso wa mutu waukulu, anam'phunzitsa kudumpha n'kuugunda ndi chipumi. Anabwereza mpaka Felekisi anatupa pamphumi. Mawu a Gelevazio anasasa, thukuta linayenderera mu suti, ndipo madzulo ankafika kunyumba akuimba. Nangozo anangoyamba kulongedza mbale zake zadothi m'makatoni.

Ndime yoyamba ya chipulula sinavute. Mthunzi inadikira Makedzana pabwalo, mfumu italowa kale ndi malipenga ake, koma kunalibe amene anabwera. Otsinzina anagamula kuti Makedzana sinagonje, yangopatukira ana mwaulemu, ndipo Mthunzi ipitirire. Pamasewero enawo Fumbi inaimwetsa Mthunzi Yaing'ono mpaka wolemba zigoli anatopa dzanja, ndipo popuma amayi a osewerawo anabwera ndi magalimoto n'kutenga ana awo.

Tsiku la ndime yotsiriza, ufumu wonse unasonkhana. Mfumu inalowa, n'kutuluka, n'kulowanso chifukwa lipenga limodzi linachedwa. Otsinzina anakhala pamzere wakutsogolo atatsinzina zolimba, kuopa kuti angaone kanthu mwangozi. Pitala anabwera kudzagwira chanza mnzake wakale.

"Ndiwauze anyamata akumvereko chisoni?" ananong'oneza.

"Ukatero sindidzakulankhulanso mpaka imfa," anayankha Gelevazio.

Ndipo a Fumbi sanamve chisoni. Chigoli choyamba chinalowa goloboyi wa Mthunzi akukweza dzanja kupereka moni ku khamu, monga anaphunzitsidwira. Chachiwiri chinalowa osewera kumbuyo akupatsana mpata kuti wamkulu ayambe ndiye kumenya. Pofika pachisanu Gelevazio anali atavula jekete n'kuliponda, akukuwa mawu amene anali asanawatchule chichokereni ku Fumbi. Zinafika zisanu ndi ziwiri. Manyazi anali nawo, mkwiyo anali nawo, ndipo chikhalirecho anali asanamvepo kuti ali moyo ngati tsiku limenelo.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, mpira unagunda mwendo wa wosewera wa Fumbi n'kutulukira kumbali kwa golo. Inali kona. Gelevazio anagwira pamtima. Mpira unanyamuka, n'kupinda monga unkapindira masiku akale, ndipo Felekisi anadumpha, chipumi chotupa chija n'kuugunda. Ukonde unagwedezeka. Bwalo lonse linaphulika, ngakhale ochemerera Fumbi, chifukwa anali ataona chinthu chimene agogo awo sanachionepo. Kochi wa Makochi anathamanga osadziwa kolowera, n'kupunthwa, n'kugwa chafufumimba m'fumbi, ndipo analira pomwepo ngati mwana. Wenzulo yomaliza inalira: Fumbi zisanu ndi ziwiri, Mthunzi chimodzi.

Pamenepo Wolemekezeka Chinenanena anaimirira n'kukweza dzanja. "Anthu a Tinazolowera, mwaona zimene mwaona, ndipo tikukuthokozani chifukwa cha maso anu. Koma monga mwa mwambo, akuluakulu afunsa mitima yawo, ndipo zotsatira zenizeni ndi izi: Mthunzi zigoli zitatu, Fumbi palibe."

Anthu sanadabwe n'komwe. Ena anayamba kutola mipando yawo. Pitala anangoyang'ana nsapato zake, pakuti kwa iye aka sikanali koyamba kulandidwa chikho. Chikho chinabwera pamtsamiro wofiira, ndipo nduna inam'nong'oneza Gelevazio kuti: "Takupulumutsani. Nyumba, fano, dzina, zonse zili m'malo mwake. Ingomwetulirani."

Manja a Gelevazio anatambasuka okha, pakuti zaka makumi awiri si masewera. Anaganiza za madzi a m'paipi. Kenako anaona Felekisi ataima pambali, akusisita pamphumi, akuyang'ana Chinenanena ngati mwana amene am'landa mango amene wakwera yekha kukathyola. Zigoli zitatu zimene anawapatsazo zinalibe mwini, ndipo chimodzi chokha chimene chinali ndi mwini chinali chitafufutidwa. Anabweza manja.

"Zitatuzo wamwetsa ndani?" anafunsa mokweza. "Sindikuzidziwa ine. Mfumu yanga, tagonja. Atikwapula zisanu ndi ziwiri kwa chimodzi, aliyense waona. Zisanu ndi ziwirizo n'zanga, chifukwa ndine kochi wawo, ndipo chimodzicho n'changanso. Ndachidikira zaka makumi awiri. Tengani nyumba, tengani fano, koma chigoli changa musandilande."

Mawu akuti "tagonja" anali asanatchulidwepo pamaso pa Mfumu Sindigonja, ngakhale pamaso pa bambo ake kapena agogo ake. Woimba lipenga anameza mpweya. Mfumu inafunsa nduna tanthauzo la mawuwo, ndipo itauzidwa inalamula kuti Gelevazio atsike paphiri dzuwa lisanalowe mawa lake, ndi kuti mkuwa wa fano lake ausandutse lipenga lina.

Panatsala nkhani ya chikho, ndipo Otsinzina anavutika nayo zedi. Mthunzi sakanaipatsa, poti kochi wake anali atavomera yekha kuti wagonja. Fumbi sakanaipatsa, poti umboni wake unali wa maso okhaokha. Atafunsitsa mitima yawo anapeza kuti pa matimu anayi onse, imodzi yokha ndi imene sinalole chigoli ngakhale chimodzi mumpikisano wonse. Chikho cha Mfumu chinaperekezedwa ndi ng'oma ndi malipenga ku Koleji ya Makedzana, komwe tonde wamkulu anachinunkhiza n'kupitiriza kudya udzu. Nduna inalengeza kuti chipulula chayenda bwino kwambiri ndipo chichitikanso chaka chamawa.

Mawa lake Gelevazio ndi mkazi wake anatsika phiri wapansi, iye atasenza katoni ya mbale, Nangozo atasenza mtolo wa zofunda. Mayiyo anali chete kuyambira m'mawa, ndipo chete wake ankalankhula za zitsime ndi ndowa. Njira yopita ku Fumbi inkadutsa pakati pa msika wa Tamvani. Gelevazio anaweramitsa mutu kuti adutse mwamsanga, koma sanafike patali.

"Iwe Gelevazio iwe! Ima pomwepo!"

Anali Mayi Esinati, atatuluka kuseri kwa benchi lawo, manja m'chiuno, bondo osapinda n'komwe.

"Ndakhala ndikukudikira chiyambire m'mawa. Goloboyi uja unam'tola kuti? Munthu mpira ukubwera iye akupereka moni ngati akufuna ukhansala, iwe osam'tulutsa! Maso ako anali kuti? Ndipo akumbuyo aja unawaphunzitsa mpira kapena mwambo wa pamaliro? Zisanu ndi ziwiri! Ngakhale tomato wanga woola sindigulitsa motchipa choncho!"

Anthu anayamba kusonkhana, akuseka. "Mayi, anyamatawo anali asanasewerepo chibadwire," anatero Gelevazio.

"Tamumvani! Wayamba kale zifukwa ngati Pitala! Ndipo kona ija, poti unali nayo m'thumba, unkaisungira ndani? Ukanauza anyamata azikakamiza makona kuyambira pachiyambi, chitsiru iwe, bwenzi titaona ziwiri! Kona yokongola chonchija, n'kuitulutsa mpira utatha? Ndiwe kochi wamtundu wanji iwe?"

Nangozo anam'koka malaya. "Bambo a Mwatitha, tiyeni, ulendo ndi wautali. Munthu akukutukwanani pamaso pa msika wonse, inu mukumwetulira chiyani?"

Gelevazio anatula katoni ya mbale pansi mosamala, n'kukhalapo, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Tadikirani pang'ono, amake Mwatitha," anatero. "Sanamalize."